Za mtendere zisakhale phunziro lapadera ku sekondale

Amene akufuna kuti mtendere ukhale phunziro loima palokha, ine sindigwirizana nawo. Phunziro lopanda mayeso limaponyedwa ku piriyodi yomaliza, ndipo mayeso akayandikira aphunzitsi a masamu amalanda nthawiyo. Mukaliikira mayeso, ana amaloweza mitundu ya mikangano, n'kukhoza bwino, madzulo ake n'kukathibulana ku hositelo.

Dziko la Rwanda, lomwe linaona kuphana koopsa mu 1994, linalowetsa nkhani za mtendere m'maphunziro onse m'silabasi yomwe inayamba kugwira ntchito mu 2016. Njira yoyenera ndi imeneyi, koma ili ndi msampha: ntchito ya aphunzitsi onse imakhala yopanda mwini. Choncho mkulu wa dipatimenti iliyonse alembe mu sikimu (ndondomeko ya zophunzitsa) mutu umodzi wa za mtendere pa teremu, sabata yake, ndi dzina la wodzauphunzitsa.

Phunziro la mbiri ndiye pagona nkhani. Apatseni ana zolemba ziwiri za nkhondo imodzi, zochokera mbali zonse ziwiri, ayankhe kuti analemba ndani, liti, ndipo anasiya dala chiyani. France ndi Germany, omwe anamenyana nkhondo kangapo, anafika potulutsa buku limodzi la mbiri la ana a sekondale mu 2006. M'phunziro la chiyankhulo, pa mtsutso mwana asayankhe asanabwereze mfundo ya mnzake mpaka mwini wakeyo atavomera kuti ndi zimene ananena. Ku masamu aonetseni galafu yosayambira pa 0, aone mmene kusiyana pang'ono pakati pa magulu a anthu kumakuzidwira.

Koma zonsezi n'zachabe ngati sukulu imaweruza milandu ndi chikwapu ndi kunyoza. Mwana amatengera zimene akuona mphunzitsi akuchita akapsa mtima.

Mikangano ing'onoing'ono, monga miseche, ngongole ndi kulimbirana desiki, ikhoza kuthetsedwa ndi ana anzawo ophunzitsidwa kuyanjanitsa. Oyanjanitsawo akhale awiri pa mlandu, m'chipinda chopanda oonerera. Aliyense wa okanganawo alankhule mphindi 3 osadulidwa mawu, mnzake abwereze zimene wamva, kenako iwo eni apereke njira zothetsera. Zimene agwirizana zilembedwe, asainire, ndipo pakatha sabata akumanenso. Masukulu ambiri amalakwitsa posankha mapulifekiti kuti agwire ntchitoyi. Pulifekiti ndi wopereka chilango, ndiye ndani angamuuze zoona? Sankhani ana omwe anzawo amawakhulupirira kale, ngakhale atakhala osakhoza kwenikweni m'kalasi.

Ndipo chonde, milandu ya kumenya, kugwiririra kapena wamkulu kuzunza wa Fomu 1 isapite kwa oyanjanitsawa. Pamenepo mphamvu sizifanana, ndipo wozunzidwa amangovomera kukhululuka chifukwa cha mantha. Imeneyo ipite kwa ahedi tsiku lomwelo, ilembedwe m'buku, makolo aitanidwe.