Kochi wa Flames ndi wa Chipolopolo sasenza mlandu wofanana

Timu ikagonja kawiri motsatizana, mawu amene amamveka pa wailesi ku Lilongwe ndi omwewonso amamveka ku Lusaka: kochi achoke. Pamenepa Amalawi ndi abale athu a ku Zambia sitisiyana. Koma ine ndimaona kuti munthu wa ku Zambia akamakuwa choncho amakhala ndi poyambira kuposa ife, chifukwa kochi wake amalandira zambiri zogwirira ntchito, pomwe wathu timamufunsa zokolola za munda umene sitinamupatse.

Maiko awiriwa anachitapo chinthu chimodzi chofanana kwambiri, ndipo ndi chimene chinatizoloweza kuganiza kuti kusintha kochi ndi mankhwala. Mu October 2011, Dario Bonetti wa ku Italy atangoipezera Zambia malo ku mpikisano wa Africa Cup of Nations, bungwe loyendetsa mpira ku Zambia la FAZ linamuchotsa patangopita masiku ochepa, n'kuitananso Hervé Renard. Mu February 2012 Chipolopolo inatenga chikho ku Libreville, itagonjetsa Côte d'Ivoire 8-7 pa mapenate, mumzinda womwewo umene pafupi nawo ndege inagwera m'nyanja mu 1993 n'kupha osewera 18 pamodzi ndi kochi wawo Godfrey Chitalu. Kwathu kuno zinachitika patatha zaka khumi. Meke Mwase anaipezera Flames malo ku Africa Cup ya ku Cameroon titagonjetsa Uganda 1-0 pa Kamuzu Stadium mu March 2021, koma mpikisano uli pafupi bungwe lathu loyendetsa mpira la FAM linaika Mario Marinica pamwamba pake. Ku Cameroon tinafika m'ndime ya matimu 16 koyamba m'mbiri yathu. Ndiye anthu amati: mwaona, kusintha kunathandiza.

Ine sindivomereza msanga. Renard sanali mlendo kwa anyamata aja. Anali atawaphunzitsa kale kuyambira 2008 mpaka 2010, n'kufika nawo m'ndime ya makotafainolo a Africa Cup ku Angola komwe Nigeria inawatulutsa pa mapenate. Christopher Katongo, Kennedy Mweene, Rainford Kalaba, Isaac Chansa ndi Joseph Musonda anali atasewera limodzi zaka zambiri, ndipo Stoppila Sunzu, amene anamwetsa penate yomaliza ija, anakulira m'timu ya achisodzera ya dzikolo. FAZ inabwezera timu kwa munthu amene ankaidziwa. Za ku Cameroon nazo tisaiwale mmene zinayendera. Marinica anapezeka ndi Covid-19, ndipo pa masewero amene tinagonjetsa Zimbabwe 2-1 ku Bafoussam, Gabadinho Mhango atamwetsa zigoli zonse ziwiri, amene anaima m'mbali mwa bwalo kulangiza anyamata anali Mwase yemwe uja. Kupambana kokhako kumene tinapeza pa mpikisano wonsewo kunabwera iye ali pa mpando. Patangopita miyezi yochepa anachotsedwa ntchito, ndipo khoti la Industrial Relations linadzagamula kuti FAM sinamuchitire chilungamo. Nkhani imeneyi imandipweteka mpaka lero.

Chimene chinachitika ku Zambia Renard atachoka mu 2013 ndiye chiyenera kutitsegula maso. Anabwera Patrice Beaumelle, Honour Janza, George Lwandamina, Wedson Nyirenda, Sven Vandenbroeck, Milutin Sredojević, Beston Chambeshi, Aljoša Asanović, mpaka Avram Grant kumapeto kwa 2022. Pa nthawi yonseyi Zambia inalephera kupita ku Africa Cup katatu kotsatizana, 2017, 2019 ndi 2021. Sikuti osewera kunalibe. Mu 2017 timu yawo ya osapitirira zaka 20 inatenga chikho cha Africa pakwawo pomwe, n'kukafika makotafainolo a World Cup ya achisodzera ku South Korea. M'timu imeneyo munali Patson Daka amene anadzapita ku Leicester City, Enock Mwepu ku Brighton, ndi Fashion Sakala ku Rangers. Anyamata a msinkhu umenewo kukhala pakhomo anzawo akusewera ku Cameroon, pamenepo wina ayenera kuyankha. Makochi ena mwa amenewa analepheradi kulumikiza osewera abwino kuti akhale timu, ndipo ochemerera anali ndi ufulu wonse wowafunsa. Komabe ndani angamange timu akudziwa kuti akagonja kawiri alongedza? Gawo lalikulu la mlanduwo lili pa amene ankalemba ndi kuchotsa.

Tsopano yerekezani zimene kochi amapeza akafika. Ku Zambia mpira unakulira m'migodi ndi m'makampani. Nkana, Power Dynamos, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers ndi matimu a ku Copperbelt amene anazolowera kusewera ndi akuluakulu a mu Africa. Power Dynamos inatenga chikho cha African Cup Winners' Cup mu 1991, Nkana inafika fainolo ya chikho chachikulu cha makalabu mu 1990, Zesco United inafika semifainolo ya CAF Champions League mu 2016. Wosewera wochokera kumeneko akavala yunifomu ya dziko amakhala atalawapo ulendo wa ku Cairo kapena ku Casablanca, atamvapo phokoso la bwalo la eni ake, miyendo yake sinjenjemera. Ali ndi Levy Mwanawasa Stadium ku Ndola ndi National Heroes Stadium ku Lusaka. Ligi yawo anaisintha mu 2019 kuti iziyenda ndi kalendala ya CAF, bungwe loyendetsa mpira mu Africa.

Ife bwanji? Mu 2021 masewero athu a pakhomo opezera malo ku World Cup tinakasewerera pa Orlando Stadium ku Johannesburg chifukwa mabwalo athu sanavomerezedwe. Kochi ankatchedwa kuti ali pakhomo, koma popanda ng'oma za ku Ndirande, popanda khwimbi la anthu kumbuyo kwa golo. Mu March 2023 Egypt inatigonjetsa 2-0 ku Cairo, n'kudzatithira 4-0 pa Bingu National Stadium. Zinali zowawa kuonera, ndipo Marinica sanakhalitse pambuyo pake. Sindikumuikira kumbuyo pa zonse. Mpira wake wothamanga kwambiri, womenya kutsogolo msangamsanga, sunkagwirizana ndi anyamata amene anakula akupatsirana mpira pansi, ndipo kuumirira kumeneko ndi mlandu wake. Koma masewero aja anachitika Super League isanayambe. Osewera a m'dziko muno anali atatha miyezi osasewera masewero a ligi, n'kukakumana ndi Mohamed Salah amene anali pakati pa sizoni ku England. Kalendala imeneyo sanalembe ndi kochi.

Umboni woti makochi athu amatha akapatsidwa zofunika ulipo. Mu 2004, Bullets ili ndi ndalama zokwanira pa nthawi imene inkatchedwa Bakili Bullets, Kinnah Phiri anaifikitsa m'magulu a CAF Champions League. Kinnah yemweyo anatitengera ku Africa Cup ya ku Angola mu 2010, patatha zaka 26 tisanapiteko, n'kuchapa Algeria 3-0 ku Luanda. Anakhala pa mpando zaka zoposa zinayi, zimene sizichitikachitika kuno. Atachoka mu 2013 inayamba mizere ija: Tom Saintfiet, Young Chimodzi, Ernest Mtawali, Ronny Van Geneugden, aliyense kuyamba ndi anyamata ake, aliyense kuchoka asanamalize.

Pali zinthu zimene ndi za kochi yekha, kaya ndi ku Blantyre kaya ku Kitwe. Amene amasankha osewera ndi iye. Akasiya mnyamata amene akumwetsa zigoli sabata ndi sabata n'kutenga amene akukhala pa benchi ku kalabu yake, ayankhe. Timu ikamagoletsedwa pa makona masewero alionse, kapena ikutsogola n'kumabwerera kumbuyo yonse mpaka kubwezeredwa, kapena iye akuona wapakati watopa koma osasintha mpaka mphindi ya 85, pamenepo sitifunika kufunsa za bajeti. Zimenezi zimaoneka ndi maso, ndipo ochemerera a kuno amaudziwa mpira mokwanira kuti azione. Kusiyana kwake n'kwakuti kochi wa Chipolopolo akalakwitsa izi, nthawi zambiri ndizo zimagwetsa timu, chifukwa zina zonse anali nazo. Wa Flames akhoza kuchita zonse molondola n'kugonjabe, ngati mmene zinalili ku Yaoundé, ku Cameroon kuja, posewera ndi Morocco: Mhango anaponya mpira uja kuchokera kutali n'kudutsa pamwamba pa Yassine Bounou, goloboyi wathu anagwira yambirimbiri, koma pamapeto pake Morocco inali ndi Achraf Hakimi woti amenye firikiki, ife tinalibe.

N'chifukwa chake ndikanakonda kuti tsiku limene FAM kapena FAZ ikulengeza kuti yasiyana ndi kochi, izinenanso poyera kuti munthuyo inamupatsa masiku angati a m'bindikiro, masewero angati opimana mphamvu, ndiponso ngati ndalama za osewera zinkafika nthawi yake. Atolankhani a ku Lusaka ndi a kuno azifunsa mafunso amenewa pa msonkhano womwewo, asanafunse dzina la amene akubwera.