Ku Zambia chala chikadalemba pamchenga, ife ku Chongoni tikupaka makala

Ndangobwera kumene kuchokera ku Kabompo, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, ndipo mtima wanga sunakhazikikebe. Madzulo ena m'mudzi wa Aluchazi, agogo ena aamuna anasalaza mchenga ndi chikhatho n'kuyamba kuboola timadontho ndi zala ziwiri nthawi imodzi kuti mipata yake ifanane. Atatha, chala chimodzi chinayamba ulendo: kukhota apa, kuzungulira apo, osagunda kadontho n'kamodzi komwe, osanyamuka pansi, mpaka mzere unakatulukira pomwe unayambira. Analibe rula, analibe pepala. Chala chikuyenda, pakamwa nthano ikutuluka. Zojambula za pamchengazi amazitcha tusona, pomwe Achokwe a ku Angola amati sona. Zina zimakhudza mukanda, chinamwali cha anyamata, ndipo pa chimodzi nditafunsa tanthauzo anangoti, "Mwanawe, izi si za alendo." Ndinawalemekeza.

Tsono kwathu! Tili ndi Chongoni ku Dedza, malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawavomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Muli mizere ndi zozungulira zofiira za Akafula, muli zoyera za makolo athu Achewa, za nyau ndi chinamwali cha atsikana. Koma chaka chatha nditakwera kuphanga lina ndinapeza munthu atalemba dzina lake ndi makala pamwamba penipeni pa chozungulira chofiira, n'kuwonjezera dzina la chibwenzi chake. Misozi inalengeza. Funsani ana 100 a m'tauni kuti Chongoni ali kuti, theka akuuzani kuti ndi ku Mozambique.

Apa ndivomere: zawozo mphepo ikawomba zatha, zathu zapirira mvula ya zaka mazanamazana. Ndipo ngakhale ku Kabompo komweko anyamata ambiri anali pa foni, osayang'anako. Gule Wamkulu nayenso sitinamutaye, anamkungwi akadalipo, amenewo sindikuwanyoza.

Komabe anzathu atiposa. Angola inalembetsa sona ku UNESCO mu 2023. Ku Mozambique, malemu Paulus Gerdes, katswiri wa masamu, anaonetsa kuti m'mizere imeneyi muli masamu enieni, oti n'kuphunzitsa m'kalasi. Ife zathu timangozionetsa azungu odzacheza.

Chomwe chikundiwawa kwambiri n'ichi: agogo aja atafufuta chojambula chawo, kamdzukulu kawo ka zaka ngati 9 kanagwada n'kuyamba kuboola timadontho take. Kanaphonya kawiri, anthu n'kuseka, koma kachitatu mzere unakumana.