Mwana wodwala wa ku Wales anadzalamulira Australia, wanga akumuwerengera madola

Abale anga, lero ndilankhula za Mayi Julia Gillard, ndipo mundipirire chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ambiri kumudzi mumawakumbukira pa ulendo wa mu January 2017, pomwe anabwera ku Malawi limodzi ndi woimba Rihanna kudzayendera sukulu, ali wapampando wa bungwe la Global Partnership for Education. Kuno ku Adelaide komwe ndikukhala ndi mwana wapakhomo. Anakulira konkuno, anaphunzira pa Unley High School, ndipo anthu amanyadira kuti mayi woyamba kukhala nduna yaikulu ya Australia ndi wa mumzinda wawo. Chimene chimandiwawa ine ndi momwe anafikira kuno.

Anabadwira ku Barry, ku Wales, mu 1961. Ali khanda anadwala chibayo, madokotala n'kuuza makolo awo kuti mwanayu angapeze bwino kudziko lofunda. Mu 1966 banja lonse linasamukira ku Adelaide pa ndondomeko ya nthawi imeneyo yoitana anthu a ku Britain: wamkulu ankalipira mapaundi 10 okha, ana ulere, bola mukhale zaka ziwiri musanabwerere. Bambo awo anadzakhala namwino wa odwala matenda a maganizo, mayi awo ankagwira ntchito panyumba yosungirako okalamba ya Salvation Army. Mwamva? Ntchito zomwezi tikugwira ife lero. Banja la anthu wamba, lobwera chifukwa cha chifuwa cha mwana, ndipo dziko linawatsegulira khomo. Mwana uja anaphunzira zamalamulo, anakhala loya woimira anthu apantchito, analowa nyumba ya malamulo mu 1998, anakhala wachiwiri kwa nduna yaikulu mu 2007, kenako pa 24 June 2010 dziko lonse linali m'manja mwake.

Mu 1966 momwemo, chaka chimene Malawi anakhala lipabuliki, banja la ku Zomba silikanalota n'komwe ulendo wotere, chifukwa ndondomeko ya Australia yokondera azungu polowa m'dziko inathetsedwa kotheratu mu 1973. Izo n'zakale, tiyeni tizisiye. Ndikufuna za lero.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira anthu olumala m'makomo mwawo. Ndimadzuka kusanache, nthawi yozizira chisanu chikulowa m'mafupa pokwerera basi. Kuli bambo wina amene ndimamusambitsa, kumumeta ndevu, kumukweza pa makina onyamulira kuchoka pabedi kupita panjinga yake, kumudyetsa phala la oats pang'onopang'ono kuti asatsamwe. Amandidziwa ndi mayendedwe ndisanalowe n'komwe m'chipinda. Ntchito imeneyi ndimaikonda ndipo sindiichita ndi manyazi. Msonkho amandidula malipiro asanafike m'manja.

Mwana wanga wamkazi anabadwira kwathu, ndipo samva. Ndi mwana wochangamuka, amalankhula ndi manja mothamanga moti ineyo ndimatsalira, ndipo masamu amaposa anzake m'kalasi. Titapempha chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, tonse tinapita kukayezedwa: kujambula chifuwa, magazi kwa ife akuluakulu, zonse. Kenako inabwera kalata. Munalibe mawu amodzi onena kuti mwanayu ndi wotani. Munangolembedwa kuti dokotala wawerengera ndalama zimene munthu wa vuto ngati lake angadzadye ku boma, za zipangizo, za aphunzitsi apadera, za thandizo lina, ndipo zapitirira malire. Ndinaiwerengera patebulo la kukhitchini iye ali pomwepo akulemba ntchito ya kusukulu. Anandiyang'ana nkhope n'kundifunsa ndi manja kuti, "Amayi, chavuta n'chiyani?" Ndinamuuza kuti ndatopa chabe.

Lamulo lake lili chonchi, kuti mudziwe. Pali malire a ndalama amene boma linaika, ndipo kuyambira pa 1 July 2024 ndi madola a ku Australia 86,000. M'mbuyomo anali 51,000. Ngati vuto ndi losatha, amawerengera za zaka 10. Sawerengera mwana wanuyo ayi, amawerengera munthu wongomuganizira amene ali ndi vuto lofanana. Munene kuti tidzalipira tokha, tili ndi inshuwalansi, sitidzapempha kanthu, sizisintha chiwerengerocho. Ndipo mmodzi akalephera, banja lonse lalephera. Mitundu ina ya viza imalola kupempha kuti akukhululukireni, ina ilibe khomo limenelo. Australia ali ndi lamulo la mu 1992 loletsa kusala anthu olumala, lamulo labwino ndithu, koma muli ndime yopatula nkhani za olowa m'dziko. Mwini sitolo sangamuthamangitse mwana wanga chifukwa samva, koma dziko lingathe.

Si ife tokha akuda. Mu 2008 dokotala wa ku Germany amene ankathandiza anthu a tauni ya Horsham ku Victoria anakanizidwa chifukwa mwana wake anali ndi ulumali wobadwa nawo wotchedwa Down syndrome. Dziko linachita phokoso, nduna inalowererapo, banja linakhala. Nanga ife amene nkhani yathu sifika m'nyuzipepala? Mu June 2010, mwezi womwewo Mayi Gillard ankalumbira, komiti ya nyumba ya malamulo inatulutsa lipoti lonena kuti kawerengedwe kameneka kasinthe, aziyang'ananso zimene banja limabweretsa. Patha zaka zoposa khumi, akweza malire, chakumapeto kwa 2024 apeputsako kwa ana obadwira kuno, koma wobadwira ku Zomba akadali nambala papepala.

Sindikufuna kuwanamizira mayiwa. Anachita zazikulu. Analamulira ndi boma lopanda aphungu okwanira, akutukwanidwa ndi mawu amene sanganenedwe kwa mwamuna, ndipo mu October 2012 anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kumuuza Tony Abbott, mtsogoleri wa otsutsa boma, maso ndi maso za kunyoza akazi, dziko lonse lapansi n'kumva. Ndi boma lawo limene linayambitsa NDIS, ndondomeko yothandiza olumala, ndipo mu May 2013 pobweretsa bilu yopezera ndalama zake misozi inawatsika. Misozi imeneyo ndimaikhulupirira. Ndalama za NDIS ndi zimene zimalipira ntchito yanga. Koma mwana wanga sangalandireko kanthu chifukwa tili pa viza ya kanthawi, ndipo thandizo la olumala lomwelo ndi limene amaika pasikelo pofuna kutikana. Ndiye ndizisamalira olumala a eni ake usana ndi usiku, wanga akhale katundu?

Boma lawo lomwelo linatsegulanso misasa yosungirako othawa kwawo pa zilumba za Nauru ndi Manus, kunja kwa Australia, mu 2012. Mu March 2013, chisankho chikuyandikira, anayamba kulankhula zoti antchito akunja a viza ya kanthawi yotchedwa 457 asamaikidwe patsogolo pa mzere eni dziko ali kumbuyo. Munthu wobwera pa ndondomeko ya mapaundi 10 kunena zimenezo! Zimenezi zinandiwawa kuposa za andale ena onse, chifukwa iwowa njira ankaidziwa. Pofika June 2013 anzawo a m'chipani cha Labor anali atawachotsa n'kubwezerapo Kevin Rudd, amene anali nduna yaikulu iwo asanalowe.

Panopa tili pa viza yodikirira. Loya akufuna zake, lipoti lililonse la katswiri wa makutu ndi ndalama, ndipo pepala likangokalamba ati kayezetseninso. Wina wotithandiza za mapepala poyamba paja anatidyera ndalama zambiri osatiuza n'kamodzi komwe kuti vuto la mwana lingatigwetse, chonsecho tinamuuza tsiku loyamba. Kumudzi kukagwa maliro sindingangonyamuka, ndiyenera kuyamba ndapempha chilolezo china choti adzandilole kulowanso. Achibale akuimba, "Achemwali, mwatiiwala, fetereza wakwera." Ndiwayankhe chiyani?

Inu amene mukugulitsa munda kapena nyumba kuti mubwere kuno, ngati pakhomo pali mwana wolumala kapena wina amene amamwa mankhwala tsiku lililonse, funsani kaye ngati viza imene mukuifunayo ili ndi mwayi wokhululukira pa zaumoyo. Funsani wothandiza amene analembetsedwa ku boma la kuno, akulembereni yankho papepala, musanalipire ngakhale dola imodzi. Ife tikusonkhanitsa makalata a aphunzitsi ake, a abwana anga ndi a kumpingo, ndipo mwezi wamawa tikukayezetsanso makutu omwe aja.