Mpando wachiwiri pa tebulo langa la ulusi

Loweruka lapitali, pa chionetsero cha ntchito zamanja chimene chinachitikira pabwalo la sukulu ina kuno ku Blantyre, mayi amene tebulo lawo linayandikana ndi langa anadikira kuti anthu achepe, kenaka anandiitanira pambali. Anati: "Achemwali, inu mwabwera kudzagulitsa kapena kudzaphunzitsa? Ana amene mukuwagwiritsa singanowa, chaka chamawa adzayala tebulo pomwe pano, ndipo inu mudzasowa wogula." Sanalankhule mwachipongwe ayi, ndipo ndi munthu amene anayamba malonda ine ndisanayambe, choncho ndinawamvetsera mpaka anamaliza. Koma sindinagwirizane nawo, ndipo popeza mawu omwewa ndawamvanso kwa anzanga ena angapo, ndaganiza zolemba maganizo anga poyera.

Ndimagulitsa ulusi wolukira, singano zoluka ziwiriziwiri, singano za ngowe zimene timalukira madoilo, mabatani ndi timalumo. Ndilibe sitolo. Katundu amakhala m'zikwama ziwiri zazikulu kunyumba ku Chilomoni, ndipo amatuluka pakakhala chionetsero ku sukulu, ku tchalitchi kapena pabwalo la hotela. Kulikonse kumene ndapita ndimanyamula mipando iwiri, wina wanga, wina wa munthu aliyense amene akufuna kukhala pansi kwa mphindi 20 kuti aphunzire kuyamba mzere woyamba. Mpando wachiwiriwo ndi umene anzanga akuti ukundidyera malonda.

Tiyambire pa chinthu chimene tonse timachidziwa koma sitikonda kuchinena. Juzi yoluka pamanja singapikisane ndi juzi ya pa kaunjika pa nkhani ya mtengo. Munthu wamkulu kuti avale juzi ya ulusi wapakatikati, umene pachikutiro chake amalembapo kuti DK, pamafunika mipukutu inayi kapena isanu ya magalamu 100, ndiponso masabata angapo a kuluka madzulo aliwonse. Mtengo wa ulusi wokhawo, tisanawerengere thukuta la wolukayo, kawirikawiri umaposa mtengo wa juzi imene munthu angasankhe pa mulu mumsika wa Limbe kapena wa Ndirande. Ndiye ngati chiyembekezo changa chili pa amayi ochepa amene amaluka majuzi kuti agulitse, ndikudalira gulu limene silikukula. Amayi amenewa alipo, ndimawalemekeza, ndipo amagula mochuluka pamene alandira maoda a majuzi a sukulu. Koma ambiri mwa iwo amadziwa kale kumene angapikule okha, ndipo sadikira chionetsero kuti apeze ulusi.

Wogula amene amandidyetsa ine ndi wina. Ndi namwino amene akufuna choti manja azichita akaweruka, ndi mtsikana wa ku koleji amene waona kachikwama koluka pa TikTok ndipo akufuna kake, ndi agogo amene akuyembekezera mdzukulu ndipo atsimikiza mtima kuti shawelo yotulukira ku chipatala ikhale yochokera m'manja mwawo. Anthu amenewa sawerengera kuti pa kaunjika n'zotchipa, chifukwa chimene akugula si chofunda chabe. Vuto lake n'lakuti ambiri mwa iwo sadziwa kuluka. Amayi athu anaphunzira ku sukulu, kapena m'magulu a amayi a kumpingo monga a Mvano ndi a Dorika, kapena pakhonde kwa azakhali awo. Ana a masiku ano ambiri akula osagwirapo singano. Munthu wotere amafika pa tebulo, n'kusisita mpukutu wofiirira, n'kunena kuti "ndi wokongola", n'kupitirira kukagula ndolo pa tebulo lotsatira. Ulusi si mandasi kuti munthu agula n'kudya pomwepo. Kwa munthu wosadziwa kuluka ulibe ntchito ina iliyonse, ndipo palibe kutsitsa mtengo kumene kungamuchititse kuugula.

Akakhala pampando paja zinthu zimasintha. Ndimamupatsa ulusi wotsalira ku ntchito zanga, ndimamuonetsa kamangidwe ka mfundo yoyamba, ndipo akaluka mizere itatu yokhotakhota amanyamuka atagula mpukutu umodzi ndi singano. Phindu la tsiku limenelo ndi lochepa kwambiri, mwina silingakwane ndi kulipira minibasi yobwerera. Koma chipewa cha khanda sichitha ngakhale magalamu 50, ndipo amachimaliza pa sabata imodzi. Akachimaliza amafuna masokosi, kenaka shawelo, kenaka bulangete limene limadya mipukutu yambiri. Uthenga umabwera pa WhatsApp, ndalama imalowa pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo timakumana pa Ginnery Corner kapena ku Chichiri kuti ndimupatse katundu. M'kabuku kanga ka malonda, ndalama zimene zimalowa m'masabata otsatira chionetsero zimaposa zimene ndimawerenga madzulo a tsiku la chionetserolo. Anzanga amene amayeza chionetsero poona zimene zalowa m'chikwama dzuwa likamalowa amatsatira mwambi uja wakuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Sindiwanyoza, pakuti malo amalipiridwa tsiku lomwelo ndipo ana amadya tsiku lomwelo, koma muyeso umenewu ndi woyenera wogulitsa zinthu zomalizidwa kale, osati wogulitsa zipangizo.

Pali chifukwa china chimene chimandikakamiza kuganiza motere, ndicho mtengo wa katundu. Ulusi umene timagulitsa pafupifupi wonse ndi wochokera kunja: wina ku South Africa kudzera pa chipata cha Mwanza, wina ku China kudzera ku Dar es Salaam ndi pa Songwe. Kwacha itagwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense wa ife anaona kuti ndalama imene inkadzaza chikwama yayamba kuchifikitsa pakati. Ine ndinaphunzira mowawa kuti mtengo wa mpukutu suwerengedwa poona ndalama imene ndinagulira, koma poona ndalama imene ndikagulire wina wolowa m'malo mwake. Chaka chimene sindinadziwe zimenezi ndinagulitsa katundu yense mosangalala, ndipo pobwerera kokapikula ndinapeza kuti ndadya mpamba. (Zimandiwawa ndithu kuti thonje timalima ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima, koma ulusi wa thonje wolukira madoilo ndimachita kuitanitsa kunja. Imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.) Tsono ngati sindingathe kutsitsa mtengo, ndipo masitolo akuluakulu a ku Limbe adzandiposa nthawi zonse popeza amagula makatoni pamene ine ndikugula mapaketi, ndiyenera kukhala ndi chinthu chimene sitolo ilibe. Chinthu chimenecho ndi mphindi 20 zija.

Ndipo zimene ndimaphunzitsa sizithera pa kagwiridwe ka singano. Ndimamutembenuzira munthu kapepala kozungulira mpukutu kuti adziwe kukawerenga, chifukwa ambiri amakang'amba n'kukataya asanayambe. Kapepala kameneka kamanena kukula kwa singano: ulusi wa DK umayenda ndi singano ya mamilimita 4, wowonda wa 4 ply umafuna yocheperapo, ndipo wonenepa umafuna ya mamilimita 6 kapena kuposerapo. Woluka akasemphanitsa, chovala chimatuluka cholimba ngati chiguduli kapena cha mabowo ngati ukonde, ndipo amaganiza kuti manja ake ndi amene alibe luso. Kapepalako kalinso ndi nambala ziwiri, ya mtundu ndi ya ulendo umene ulusiwo unanyikidwa mu utoto. Mipukutu iwiri ya mtundu umodzi koma yonyikidwa maulendo osiyana imaoneka yofanana pa tebulo, koma ikalukidwa pamodzi mzere wosiyanitsa umaonekera poyera dzuwa likawala. Mayi wina anandibwezera bulangete latheka ali wokwiya chifukwa cha zimenezi, ndipo kulakwa kunali kwanga, popeza ndinamugulitsa mipukutu itatu osamufunsa chimene akuluka. Kuyambira pamenepo funso langa loyamba limakhala lakuti, "Mayi, mukufuna kuluka chiyani, ndipo n'cha munthu wa msinkhu wanji?" Ngati ndalama sizikukwana kugula yonse, ndimamusungira yotsalayo m'thumba lolembedwa dzina lake kwa mwezi umodzi. Ndimachenjezanso kuti ulusi wa acrylic, wopangidwa kuchokera ku mtundu wina wa pulasitiki, umene ndi wochuluka pa matebulo athu, umasungunuka ukakhudzana ndi simbi yotentha, chinthu chimene ambiri amachidziwa juzi ya mwana itawonongeka kale.

Sindikufuna kunama kuti mpando wachiwiri ulibe mtengo wake. Pamene ndaweramira pa manja a wophunzira, maso anga sali pa katundu, ndipo kawiri konse ndapeza paketi ya singano itasowa. Wogula wofulumira amene akungofuna mipukutu iwiri yakuda amatha kuchoka poona kuti ndatanganidwa. N'chifukwa chake tsopano ndimapita ndi mwana wa mchemwali wanga kuti azilandira ndalama, ndipo naye ayenera kupatsidwa kenakake. Aliponso amene amaphunzira kwa ine n'kukagula ku Limbe, ndipo ena ndimakumana nawo atanyamula ulusi umene sunachokere kwa ine, n'kundipatsa moni mwansangala osaona vuto lililonse. Poyamba zinkandipweteka. Koma ndinaona kuti omwewo amabwerera akafuna mtundu umene ku sitolo watha, kapena akasokonezeka pochepetsa mizere ya pa phewa, ndipo sabwera okha.

Nanga za mantha akuti ndikudzipangira opikisana nawo? Ngati mtsikana amene ndinamuphunzitsa adzayale tebulo la zipewa ndi tizikwama pafupi ndi langa, adzafuna ulusi mwezi uliwonse, ndipo adzakhala wogula wamkulu kuposa mmene analili. Ngati adzayambe kugulitsa ulusi weniweniwo, adzakumana ndi zimene ine ndikukumana nazo, ndipo mwina tidzaphatikiza ndalama kuti tiitanitse katoni yathunthu pa mtengo wabwino, chinthu chimene pandekha sindinachikwanitsepo. Mzinda uno uli ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo oluka ndi ochepa kwambiri moti kulimbirana ochepawo kuli ngati kukanganirana nsima ya m'mbale imodzi pamene ufa uli m'thumba.

Kwa okonza zionetsero ndili ndi pempho limodzi lokhudza nthawi. Zionetsero zambiri za ntchito zamanja zimaunjikana kumapeto kwa chaka, pamene anthu akufuna mphatso za Khirisimasi. Kwa wogulitsa madengu ndi zosema imeneyo ndi nyengo yabwino, koma mu November kuno kumatentha moti munthu safuna n'komwe kukhudza ulusi. Nyengo yathu ndi April ndi May, pamene kuzizira kwa June ndi July kukuyandikira ndipo munthu akadali ndi masabata okwanira kumaliza juzi chiperoni chisanaphimbe phiri la Soche. Amene amagula ulusi chiperoni chitafika kale amamaliza kuluka mu September, n'kupinda juziyo kudikira chaka chamawa. Ndiponso poyeza malo, musatipanikize ngati tikugulitsa zinthu zongonyamula n'kupita. Ku chionetsero china anandiletsa kuika mpando wachiwiri ponena kuti ukutseka njira, ndipo tsiku limenelo ndinabwerera ndi zikwama zolemera monga mmene zinapitira.

Mayi aja a tebulo loyandikana nalo sitinamalize nawo mkangano, chifukwa kunabwera bambo wina ndi mwana wake wamkazi wa zaka ngati 10, amene anakhala pampando paja osafunsa n'komwe. Bamboyo anaima pambali atanyamula chikwama cha mwanayo, akuyang'ana wotchi, mpaka pamene mwanayo anawaonetsa mizere iwiri yoyamba. Pamenepo bamboyo anafunsa ngati singano za mamilimita 4 zilipo zazifupi zoyenera manja a mwana. Zinali zitatha, ndipo ndalemba kale m'kabuku kuti pa oda yotsatira ndionjezere mapeya 12.