Lekani kuloza chala ana a osauka

Ndikulemba izi mtima ukundiwawabe. Masana ano kuntchito tinali kuonera nkhani pa TV, akuonetsa ana owonda ndi njala kudziko lina kumene kuli nkhondo. Bambo wina wophunzira bwino, tayi ili pakhosi, mbale ya chakudya ili patsogolo pake, anangoti, "Nanga achuluka kwambiri, akungoberekana ngati mbewa. Malthus ananena kale." Ngati mbewa! Ana a anthu amenewo!

Bambo inu, Malthus mukumutchulayo mwamuwerenga, kapena munangomva dzina lake m'kalasi? Thomas Malthus anali m'busa wa ku England. Mu 1798 analemba kuti anthu amachuluka motere: 1, 2, 4, 8, 16, pomwe chakudya chimangokwera 1, 2, 3, 4, 5, ndiye mapeto ake njala, miliri ndi nkhondo zidzapungula anthu mpaka akwanirane ndi chakudyacho. Pamene ankalemba zimenezi dziko lonse linali ndi anthu pafupifupi 1 biliyoni. Mu Novembala 2022 tinakwana 8 biliyoni, ndipo mukagawa chakudya chonse chimene dziko limakolola lero, gawo la munthu mmodzi ndi lalikulu kuposa la m'masiku a Malthus. Feteleza, ulimi wothirira, mbewu za tirigu zobereka kwambiri za katswiri wa zaulimi Norman Borlaug, zonsezo m'busa uja sanaziganizeko. Anawerenga pakamwa pokha, anaiwala kuti mwana aliyense amabadwa ndi mutu ndi manja awiri.

Anadzabwera winanso, wasayansi wa ku America Paul Ehrlich, mu 1968, nalengeza kuti m'zaka za m'ma 1970 anthu mamiliyoni mazanamazana adzafa ndi njala. Sizinachitike choncho. Mu 1980 anabetcherana ndi katswiri wa zachuma Julian Simon kuti zitsulo zisanu, kuphatikizapo kopa, zidzakwera mtengo chifukwa anthu akuchuluka. Itakwana 1990 mitengo inali itatsika, Ehrlich anatumiza cheke cha madola 576. Iye analipira. Inu mukubwerezabe mawu akewo mudzalipira liti?

Njala sibwera chifukwa pakamwa pachuluka. Imabwera chifukwa chakudya chili m'manja mwa ena. Ndibwereze? Chakudya chimakhalapo, koma wosaukayo sangachifikire. Katswiri wa zachuma Amartya Sen anaona njala ya ku Bengal, ku India, ya 1943 ndi maso ake ali mwana. Anthu pafupifupi 3 miliyoni anafa. Atakula anafufuza, napeza kuti chakudya m'chaka chimenecho chinali chochuluka kuposa mu 1941, chaka chimene kunalibe njala yoteroyo. Mtengo wa mpunga unakwera nthawi ya nkhondo, malipiro a waganyu anatsalira m'mbuyo, anthu anagwa m'misewu ya Calcutta pomwe mpunga ukugulitsidwa. Ku Ireland m'zaka za m'ma 1840 anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, sitima zikunyamukabe m'madoko mwawo ndi mbewu ndi ziweto kupita ku England. Kodi amenewo anaphedwa ndi kubereka? Ana amene tinawaona pa TV aja minda ya makolo awo yatenthedwa, misewu yatsekedwa ndi mfuti, magalimoto a chakudya sakudutsa. Kuberekana kwalowa pati pamenepo?

Chimene chikundipweteka n'chakuti mawu oti "achuluka" nthawi zonse amanenera ena. Sindinamvepo munthu akuyang'ana ana ake patebulo n'kunena kuti mmodzi mwa awa ndi wotsala, dziko silikumufuna. Wochuluka amakhala mwana wa wosauka, wa kutali, amene dzina lake simulidziwa. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati wanu sali wochuluka, wa mnzanunso sali wochuluka.

Ndipo mawu amenewa sathera pakamwa. Ku India mu 1976, nthawi ya boma la Indira Gandhi, amuna mamiliyoni, ambiri a iwo osauka, anatsekedwa njira yoberekera, ochuluka mochita kukakamizidwa. Ku China lamulo la mwana mmodzi linayenda kuyambira 1980 mpaka 2015, amayi akuchotsedwa mimba asakufuna, lero dziko lomwelo likupempha anthu kuti abereke. Amene anachita zimenezi nawonso ankati anthu achuluka.

Musandimve molakwa, kulera sindikutsutsana nako. Mtsikana akapita kusukulu, ana akasiya kufa ali makanda, banja limasankha lokha kukhala ndi ana ochepa, popanda wina kuwatukwana kuti ndi mbewa. Zachitika ku Bangladesh, ku Iran, ku Brazil.

Komanso mukati zinthu za dziko zikutha, akuzimaliza ndani? Mwana wa m'msasa wa othawa nkhondo uja, kapena amene ali ndi magalimoto atatu pakhomo? Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, la FAO, linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya cha padziko limaonongeka kapena kutayidwa. Bambo aja nawonso sanamalize mbale yawo. Ndinawaona ndi maso anga akukhuthulira theka m'bini, TV ikuonetsabe ana aja.