Inu opita ku Zimbabwe, lekani chibwana

Ana inu, tamverani. Mmene ena mwa inu mukunyamukira ulendo wa ku Zimbabwe sizikundisangalatsa ngakhale pang'ono. Munthu kungotola chikwama, foni m'manja, khadi la ku banki m'thumba, n'kumati zina tikaonera konko. Mukaonera konko chiyani? Safunsa anadya phula.

Zimbabwe ndi dziko lokongola, ndipo eni ake ndi anthu aulemu, ophunzira, odziwa kulandira mlendo. Koma chuma chake chakhala chikudwala kwa zaka zoposa 20. Zinthu zimene mumadalira kuti zikupulumutseni mukalakwitsa, monga banki, chipatala, magetsi ndi madzi a pampopi, kumeneko zimagwira ntchito lero, mawa n'kusiya. Kalakwitsidwe kakang'ono kamene kwina mukanangokaseka, kumeneko kamakula msanga.

Nkhani ya ndalama ndi imene imakugwetsani ambiri. Mu 2008 mitengo ya zinthu inkakwera tsiku ndi tsiku, mpaka kumayambiriro kwa 2009 banki yaikulu ya dzikolo inatulutsa pepala limodzi la madola 100 thililiyoni. Chaka chomwecho anaisiya ndalama yawoyo n'kuyamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi. Mu 2016 kunabwera ndalama za mapepala zotchedwa ma bond note, mu 2019 inabwereranso dola ya Zimbabwe, ndipo mu Epulo 2024 anayambitsa ndalama yatsopano yotchedwa ZiG, imene pofika Seputembala chaka chomwecho anaichepetsa mphamvu ndi maperesenti oposa 40. Anthu amene anaona ndalama za ukalamba wawo zikusungunuka ali maso sakhulupiriranso pepala wamba. N'chifukwa chake wogulitsa amafuna dola ya ku America m'manja, ndipo ambiri amakana yong'ambika kapena yothaitha. Inu mukunyamula mapepala a madola 100 okhaokha kuti muoneke olemera, ndani akupatseni chenje? Nyamulani a 1, a 5 ndi a 10, muwagawe m'malo osiyanasiyana pathupi ndi m'katundu. Musadalire makina a ATM, chifukwa alipo amene amakhala opanda kanthu, ndipo netiweki ikagwa khadi lanu silikugulirani ngakhale madzi akumwa.

Ndipo inu amene mumaima pakona ya msewu ku Harare n'kumawerenga mpukutu wa ndalama pamaso pa osintha ndalama, manyazi mulibe? Malonda amenewo ndi oletsedwa, ndipo mu 2024 apolisi anagwira anthu ambiri pa mlandu womwewo. Mukapulumuka apolisi mugwa m'manja mwa okupatsani zachinyengo. Komanso taganizani: mukuonetsa madola pakati pa anthu amene malipiro awo amatha mwezi usanafike pakati. Kumeneko n'kunyoza eni dziko ndiponso kudziitanira akuba. Pa msika wa Mbare Musika ndi pokwerera mabasi pa Roadport ku Harare, foni ikhale m'kati, chikwama kutsogolo. Wina akakunong'onezani kuti ali ndi golide kapena dayamondi wotchipa, mutembenukire msana. Kupezeka ndi miyala imeneyo popanda chilolezo ndi ndende.

Tsopano zapamsewu. Kuchoka ku Harare kukafika ku Beitbridge ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 580, ndipo alipo madalaivala amene amadzitama kuti ayenda usiku wonse osaima. Usiku ng'ombe ndi abulu amagona pa phula, malole owonongeka amaima opanda nyali, ndipo maenje sawoneka mpaka tayala litaphulika. Msewu wochoka ku Bulawayo kupita ku Victoria Falls wakhala ukudandaulitsa anthu kwa zaka chifukwa cha maenje, ndipo mbali ya ku Hwange njovu zimadutsa. Yendani dzuwa likuwala. Thirani mafuta tanki isanafike theka. Ngati galimoto ndi yanu, sungani chikalata cholowetsera galimoto chimene a ZIMRA, bungwe lotolera misonkho, amapereka pachipata, inshulansi, chozimitsira moto, timatirayango tiwiri tonyezimira ndi tayala lapadera. Pa lodibuloko imani, perekani moni, onetsani mapepala. Akakulipiritsani, pemphani lisiti mwaulemu. Kukalipa sikunachotsepo munthu pa lodibuloko. Timagalimoto tosaloledwa tija amati mushikashika, todzaza mpaka m'buti, tisiyeni ngakhale mtengo wake ukhale wokopa.

Madzi ndiye musachite nawo masewera. Kolera ya 2008 mpaka 2009 inapha anthu oposa 4,000. Inabukanso mu 2018 ku Glen View ndi Budiriro mumzinda wa Harare, n'kudzabweranso mu 2023. Gwero lake ndi mapaipi akale, zimbudzi zosefukira ndi zitsime zimene anthu amakumba chifukwa pampopi pauma. Imwani madzi owiritsa kapena a m'botolo lomata, ndipo sambani m'manja musanadye. Opita ku Kariba, ku Victoria Falls kapena kuchigwa cha Zambezi, kumeneko kuli malungo, gonani m'neti. M'madzi a Kariba muli ng'ona, mvuu ndi likodzo, si malo osambira kuti mujambulitse chithunzi.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa mukadwala, zipatala za boma nthawi zambiri zimasowa mankhwala, ndipo madokotala ndi anamwino akhala akunyanyala ntchito kangapo chifukwa cha malipiro. Zipatala zolipira zimafuna ndalama musanagonekedwe. Amene mumamwa mankhwala a shuga, a BP kapena ma ARV, tengani okwanira ulendo wonse ndi ena apadera. Magetsi nawo amatha kuzima maola ambiri patsiku, makamaka madzi akachepa m'damu la Kariba, ndiye tochi ndi pawabanki zisatsale.

Pakamwa panu ndi kamera yanu muzisunge. Kunyoza pulezidenti ndi mlandu m'dzikolo, ndipo simudziwa amene wakhala nanu pampando m'basi kapena m'bala. Musajambule State House, asilikali, apolisi kapena malo awo. Zovala zamawangamawanga zofanana ndi za asilikali n'zoletsedwa kwa anthu wamba, zisiyeni kunyumba. Mukaona gulu la zionetsero, bwererani. Pa 1 Ogasiti 2018 asilikali anawombera m'misewu ya Harare ndipo anthu 6 anafa. Mu Januwale 2019, mtengo wa mafuta utakwera, kunali chipolowe ndipo intaneti inatsekedwa. Chipolopolo sichifunsa pasipoti, ndipo tsiku lotero foni imene mumaidalirayo singakuthandizeni kuuza abale kumene muli.

Chondipweteka mtima kwambiri ndi inu amene mumafika pa Beitbridge mapepala osakwanira, n'kumvera munthu wokulonjezani kuti akuwolotsani mtsinje wa Limpopo kupita ku South Africa kudzera m'tchire. M'tchire limenelo muli achifwamba otchedwa magumaguma, amene amalanda, kumenya ndi kugwiririra amayi. Mtsinjewo ukasefukira umakokolola anthu, ndipo ng'ona zilimo. Makolo ambiri akudikirabe ana amene analowa njira imeneyo osamvekanso. Dzerani pachipata, kaya ndi pa Beitbridge, pa Nyamapanda kapena pa Chirundu. Pasipoti musampatse wina aliyense wongoyendayenda kuti akakudinditsireni, imani nokha pamzere, ndipo muwerenge masiku amene akupatsani pachidindo musanachoke pawindo.