Musayambe ndi kuwapatsa ana pepala loti aloweze

Aphunzitsi ndi nonse amene mumaphunzitsa ana zisudzo, pali cholakwika chimodzi chomwe chimaipitsa ntchito isanayambe n'komwe: kugawa mapepala a sewero tsiku loyamba n'kuwauza kuti akaloweze. Mwana woloweza chotere amayankhula ngati akulakatula ndakatulo, manja ali lende, maso ali kudenga kusakasaka mzere wotsatira. Mnzake akamayankhula sakumvetsera, akungodikira kuti iye alowe pati. Akangoiwala liwu limodzi, basi waima njo, sewero lafera pomwepo.

Kwa ine, pepala libwere sabata yachitatu kapena yachinayi. Masabata oyambawo ndi a thupi, mawu ndi makutu.

Tiyerekeze muli ndi mphindi 45. Mphindi 10 zoyamba aime awiriawiri moyang'anana, wina akhale munthu, wina galasi lake. Woyambayo akweze dzanja pang'onopang'ono, winayo atsanzire osayankhula, kenako asinthane. Masewera ngati amenewa anawatchukitsa ndi Viola Spolin, yemwe ankaphunzitsa ana ku Chicago kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Luso lake lalikulu linali loti mphunzitsi aziwongolera masewera ali m'kati, osawaimitsa. Mukungoponya mawu muli pambali: "Chepetsani liwiro! Yang'anani m'maso mwa mnzanu!" Mukamawaimitsa kuti mufotokoze, chidwi chimathawa ndipo phokoso limayamba.

Mphindi 10 zotsatira ndi za mawu, ndipo apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Tikati "kweza mawu", mwana amakuwa ndi pakhosi, pakutha pa sabata mawu asasa. Mugwiritseni dzanja pamimba, akoke mpweya mpaka dzanjalo likankhike, mapewa asakwere. Kenako mnzake akaime kukhoma lakumbuyo, iye amuuze chiganizo chimodzi, wakumbuyoyo abwereze zomwe wamva. Nthawi zambiri mupeza kuti vuto silinali kuchepa kwa mawu ayi, koma kuthamanga ndi kumeza mathero a mawu.

Nthawi yotsalayo agaweni anayi kapena asanu pagulu. Akapitirira asanu, awiri amalamulira, ena amangoonerera. Apatseni nkhani yaifupi, monga mwana wataya makiyi a pakhomo, ndipo apange zithunzi zitatu ndi matupi awo ataima zii ngati ziboliboli: poyambira, pomwe zavuta, ndi pothera. Mukatero gwirani mmodzi paphewa anene zomwe munthu amene akumuyimirayo akuganiza. Mawu otuluka pamenepo ndi awoawo, sawaiwala, ndipo pepala lanu likadzabwera lidzapeza mwana akudziwa kale chomwe munthu wakeyo akufuna. Wodziwa kuti "ndikufuna amayi asadziwe za makiyi" ngakhale aiwale mzere apeza ponena.

Za ana amanyazi, chonde tisamawapatse ntchito yogwira nsalu yotchinga pa siteji chaka ndi chaka pomwe mbali zonse zikupita kwa olongolola atatu omwewo. Wamanyazi ayambe ndi kuyankhula pamodzi ndi anzake awiri, kenako mzere umodzi yekha. Dorothy Heathcote, mphunzitsi wa zisudzo wa ku England, ankalowa iye mwini m'sewero la ana ngati mmodzi wa anthu a m'nkhaniyo. Yesani kulowa ngati mlendo wosochera wofuna thandizo, muone mwana yemwe samatsegula pakamwa akukulozerani njira.

Msinkhu nawo muuganizire. A zaka 6 mpaka 8, sewero la mphindi 10 lawakwanira, ndipo chochita chizisintha pafupipafupi. A zaka 11 kupita m'tsogolo angathe kudzilembera okha zokambirana.

Mukafika pa siteji, zosokoneza zimakhala zomwezomwezo. Amafulatira oonerera chifukwa mwachibadwa munthu amatembenukira amene akuyankhula naye, choncho aphunzitseni kuima chammbali, chifuwa chikuoneka kwa anthu. Amandandalikanso mzere umodzi ngati akujambulitsa; ikani mpando, wina akhale, wina agwade. Anthu akaseka, mwana adikire kuseka kutsike asanapitirize, apo ayi mzere wabwino umamira m'phokoso.

Ndipo ndewu za m'sewero zisakhale zenizeni, ngakhale anawo achonderere. Dzanja la womenya mbama lidutse patali ndi tsaya, womenyedwayo atembenuze mutu, wina aombe m'manja mobisika kuti limveke phokoso. Yeserani pang'onopang'ono kambirimbiri musanawalole kuchita mwaliwiro, chifukwa tsiku la sewero mtima ukamagunda mwana saona bwino mtunda.